Manambala akaitanidwa kudzachitira Mulungu umboni

M'chaka cha 1710, John Arbuthnot, yemwe anali dokotala wa Mfumukazi Anne ya ku Britain, anatenga kaundula wa ubatizo wa mumzinda wa London n'kuyamba kuwerenga ana. Kaundulayo anali wa zaka 82, kuyambira 1629 mpaka 1710. Chaka chilichonse, popanda n'chimodzi chomwe chophonya, ana aamuna obatizidwa ankaposa ana aakazi.

Kuwerengera kwake kunali kosavuta, mwana wa Folomu 2 akhoza kukutsatira. Anati tiyerekeze kuti kubadwa kwa mwana wamwamuna kapena wamkazi kuli ngati kuponya ndalama yachitsulo m'mwamba, igwe chafufumimba kapena chagada. Zikatero, mwayi woti anyamata achuluke chaka chimodzi ndi theka. Zaka ziwiri zotsatizana ndi theka la theka, 1 pa 4. Zaka zitatu, 1 pa 8. Mukapitiriza mpaka ka 82 mupeza mwayi umodzi pa 4,835,703,278,458,516,698,824,704. Arbuthnot anati zotere sizingachitike mwangozi, pali dzanja la Mulungu. Amuna amafa msanga pofunafuna chakudya m'malo oopsa, choncho Mlengi amawonjezera anyamata pang'ono kuti pofika msinkhu wa banja mwamuna aliyense akhale ndi mkazi wake. Anafika mpaka ponena kuti manambalawo akutsutsa mitala.

Masamu akewo analibe cholakwa, ndipo mpaka lero ophunzira za ziwerengero amatchula pepala lake ngati limodzi mwa oyambirira kuyesa ganizo pogwiritsa ntchito mwayi. Koma chimene manambalawo anagwetsa ndi ganizo limodzi lokha, lakuti ndalama ija imagwa mofanana mbali zonse. Sipanapite nthawi, Nicolaus Bernoulli anasonyeza kuti mukangonena kuti pa ana 35 alionse 18 amakhala aamuna ndipo 17 aakazi, ziwerengero za ku London zija sizidabwitsanso. Arbuthnot anali ataika zinthu ziwiri zokha pamphasa, ngozi ya theka ndi theka kapena Mulungu, chachitatu n'kuchisiya panja. Nanga n'chifukwa chiyani anyamata ndi atsikana amabadwa pafupifupi mofanana? Yankho lodziwika kwambiri linalembedwa ndi Ronald Fisher mu 1930. Anyamata akasowa, kholo lobereka anyamata limakhala ndi zidzukulu zambiri popeza ana ake savutika kupeza akazi, motero chibadwa chobereka anyamata chimafala mpaka mbali ziwirizo zitayandikananso. Masiku ano pa atsikana 100 pamabadwa anyamata pafupifupi 105. Wokhulupirira akhoza kunenabe kuti Mulungu ndiye anakonza kuti ziziyenda motero, koma nambala yaitali ija siimuthandiza kunena zimenezo.

Mfundo zonse zamasamu zokhudza Mulungu zili ndi mbali ziwirizi. Pali kuwerengera kwenikweniko, kumene kawirikawiri kumakhala kolondola, ndiye pali zimene munthu wavomereza asanagwire cholembera. Chigayo chimagaya zimene mwathira. Mkangano weniweni umakhala pothirira paja, pamene anthu ambiri sayang'anapo chifukwa maso ali pa ufa.

Matumba awiri a nyemba

Njira imene ambiri amagwiritsa ntchito lero inachokera kwa Thomas Bayes, m'busa wa mpingo wa Presbyterian ku England, yemwe anamwalira mu 1761. Mnzake Richard Price ndiye anasindikiza zolemba zake mu 1763. Lamulo la Bayes limanena mmene munthu ayenera kusinthira maganizo akaona umboni watsopano.

Tengani matumba awiri osaonekera m'kati. Loyamba lili ndi nyemba zofiira 90 ndi zoyera 10. Lachiwiri lili ndi zofiira 10 ndi zoyera 90. Wina wakupatsani thumba limodzi osakuuzani kuti ndi liti, mwapisa dzanja, mwatulutsa nyemba yofiira. Nyemba yofiira imatuluka mosavuta kuwirikiza ka 9 m'thumba loyamba kusiyana ndi lachiwiri, ndipo 9 ameneyu ndiye kulemera kwa umboni wanu. Ngati poyamba matumba onse anali ndi mwayi wofanana, tsopano ndi 9 kwa 1, kutanthauza kuti mwayi woti mwagwira thumba loyamba ndi 90 peresenti. Koma ngati mukudziwa kuti m'nyumbamo muli matumba 99 a mtundu wachiwiri ndi limodzi lokha la mtundu woyamba, nyemba yofiira yomweyo ikukufikitsani pa 9 kwa 99, pafupifupi 8 peresenti. Umboni ndi womwewo, yankho lasiyana kutalitali chifukwa cha poyambira.

Mu 2003, Stephen Unwin, katswiri wa fizikisi yemwe ntchito yake inali yowerengera ngozi za m'mafakitale, anachita zomwezi ndi funso la Mulungu. Anayambira pa theka ndi theka. Kenako anatenga maumboni asanu ndi umodzi, uliwonse n'kuupatsa kulemera kwake. Zoti anthu amazindikira chabwino anazipatsa 10. Zoipa zimene anthu amachitirana 0.5. Masoka achilengedwe monga zivomezi ndi matenda 0.1. Mapemphero ooneka ngati ayankhidwa 2. Zozizwitsa zophwanya malamulo a chilengedwe 1, kusonyeza kuti sizikokera mbali iliyonse. Zimene anthu amamva mumtima popembedza 2. Mukachulukitsa zonsezi mupeza 2, ndipo 2 kwa 1 ndi 67 peresenti.

Tsopano sinthani nambala imodzi yokha. Munthu amene akuona kuti chikumbumtima chikhoza kufotokozedwa ndi kukhalirana kwa anthu alembe 2 pamene Unwin analemba 10. Zonse pamodzi zikhala 0.4, ndipo yankho litsika kufika pa 29 peresenti. Wina amene akuona kuti masoka achilengedwe sakutsutsa Mulungu kwenikweni alembe 1 m'malo mwa 0.1, yankho likwera kuposa 95 peresenti. Pa nyemba paja, 90 ndi 10 tinachita kuwerenga. Apa palibe thumba loti n'kukhuthula. Ubwino wa njirayi ndi wakuti imakakamiza anthu awiri otsutsana kuloza malo enieni amene akusiyana, ndipo zimenezo si zochepa. Koma 67 uja ndi maganizo a Unwin atavala zovala zamasamu.

Zina sizifuna n'kutaya nthawi yambiri. Mu 1994 magazini ya Statistical Science inasindikiza kafukufuku wa Doron Witztum, Eliyahu Rips ndi Yoav Rosenberg wonena kuti mukamadumpha zilembo mofanana m'buku la Genesis la Chiheberi, mayina a arabi (aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda) otchuka amapezeka pafupi ndi masiku awo obadwa kapena omwalira. Mu 1999 magazini yomweyo inasindikiza yankho la Brendan McKay ndi anzake atatu. Dzina la rabi mmodzi limalembedwa m'njira zingapo, ndipo ufulu wosankha kalembedwe ndi wokwanira kubala chozizwitsacho. Anasonyeza izi posankha kalembedwe mwa njira yawo n'kupeza zotsatira zofanana m'buku lanthano la ku Russia lomasuliridwa m'Chiheberi. Aliyense wokuonetsani manambala obisika m'malemba, m'funseni kuti anayesa njira zingati asanapeze imene akukuonetsaniyo.

Kaboni wa m'thupi mwanu

Mfundo imene akatswiri a fizikisi, okhulupirira ndi osakhulupirira omwe, amaiona kuti ndi yolemera ndi ina. M'malamulo a chilengedwe muli manambala oposa 20 amene palibe amawapeza powerengera. Amachita kuyezedwa: kulemera kwa elekitironi, kukula kwa mphamvu yogwirizitsa phata (chigawo chapakati) la atomu, ndi ena otero. Mukasintha ena mwa iwo pang'ono papepala, chilengedwe chimene chimatuluka chimakhala chopanda nyenyezi, kapena chopanda maatomu oti n'kupanga chamoyo.

Chitsanzo chooneka bwino ndi kaboni, amene ndi pafupifupi 18 peresenti ya kulemera kwa thupi la munthu. Chilengedwe chitangoyamba munali haidrojeni, pafupifupi magawo atatu mwa anayi, ndi heliyamu gawo lotsalalo. Kaboni anadzapangidwa pambuyo pake m'kati mwa nyenyezi zokalamba, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 100 miliyoni. Phata la atomu limapangidwa ndi tinthu ta mitundu iwiri, mapulotoni ndi manyutironi. La heliyamu lili ndi mapulotoni awiri ndi manyutironi awiri. La kaboni lili ndi asanu ndi limodzi mbali iliyonse, choncho pamafunika maphata atatu a heliyamu. Atatu kukumana nthawi imodzi n'kovuta, ndiye ntchito imayenda m'masitepe awiri. Awiri amayamba agwirana n'kupanga beriliyamu-8. Vuto ndi lakuti beriliyamu ameneyu sakhalitsa. Amasweka pa kanthawi kofanana ndi sekondi imodzi itagawidwa ka 1 wotsatiridwa ndi maziro 16. Wachitatu ayenera kufika kanthawi kameneka kasanathe, n'kumamatira.

Fred Hoyle, katswiri wa zakuthambo wa ku Cambridge, anawerengera n'kuona kuti mwa njira imeneyi kaboni akanakhala wochepa zedi, pokhapokha phata la kaboni litakhala ndi mlingo wa mphamvu wogwirizana ndi mphamvu imene beriliyamu ndi heliyamu amabwera nayo. Zili ngati katungwe: mukakankha pa nthawi yake amakwera ndi mphamvu yochepa, mukaphonya nthawi mumangolimbana naye. Mu 1953 Hoyle anafika ku yunivesite ya Caltech, ku California, n'kuuza a mu labotale ya William Fowler kuti afufuze mlingo umenewu pafupi ndi 7.7 MeV (muyezo wa mphamvu ya tinthu ta m'atomu). Gulu la Ward Whaling linayeza n'kuupeza. Lero umadziwika kuti uli pa 7.65 MeV. Mu 2000, Heinz Oberhummer ndi anzake anawerengera kuti mphamvu yogwirizitsa phata itasintha ndi theka la peresenti, nyenyezi zikanapanga kaboni wochepa kwambiri kapena okosijeni wochepa kwambiri. Hoyle, yemwe sanali munthu wa tchalitchi, anadzalemba patapita zaka kuti zikuoneka ngati nzeru ina yaikulu inagwiragwira malamulo a fizikisi.

Palinso nyutironi, imene imalemera kuposa pulotoni ndi 0.14 peresenti yokha. Chifukwa cha kusiyana kumeneku, nyutironi ikakhala payokha imasweka pakatha mphindi pafupifupi 15 n'kusanduka pulotoni, pamene pulotoni imakhalabe. Zikanatembenuka, mapulotoni ndiwo akanamasweka, haidrojeni sakanakhalapo, madzi sakanakhalapo.

Nambala yoopsa kuposa zonse ndi ya mphamvu ya malo opanda kanthu, imene imakankha chilengedwe kuti chizifutukuka mofulumira. Magulu awiri a akatswiri anaipeza mu 1998 poyeza kuwala kwa nyenyezi zophulika zakutali, ndipo Saul Perlmutter, Brian Schmidt ndi Adam Riess analandira mphoto ya Nobel mu 2011 chifukwa cha ntchitoyi. Mukaiwerengera mongoyerekeza kuchokera ku malamulo a tinthu ting'onoting'ono, yankho limaposa chimene chinayezedwa kuwirikiza ka 1 wotsatiridwa ndi maziro pafupifupi 120. Kuti muone kukula kwake, maatomu onse a m'chilengedwe chimene timatha kuona ndi 1 wotsatiridwa ndi maziro pafupifupi 80. Steven Weinberg, yemwe sankakhulupirira Mulungu, anali atasonyeza kale mu 1987 kuti mphamvuyi ikanakula kuwirikiza maulendo mazana angapo okha, mpweya ukanabalalika usanaundane kukhala milalang'amba.

Mpaka apa palibe chopeka. Wokhulupirira amatenga zonsezi n'kuziika m'lamulo la Bayes: chilengedwe cholola moyo n'choyembekezereka ngati kuli Mlengi wofuna zamoyo, n'chosayembekezereka ngati manambalawo anangogwa okha. Imeneyi ndi mfundo yaulemu wake, ndipo woitsutsa mwachibwana amakhala kuti sanaimvetse. Koma ili ndi malo anayi pamene imatsimphina.

Oyamba ndi akuti mwayi umafuna kudziwa kukula kwa bwalo. Siteshoni ya wailesi imamveka pa kampata kakang'ono, inde, koma kuti munene mwayi woipeza mutatseka maso muyenera kudziwa kuti chotembenuzira chija chimayambira pati n'kuthera pati, ndiponso ngati chimaima paliponse mofanana. Chilengedwe tili nacho chimodzi. Palibe anaonapo manambalawa ali ena. Mukati akhoza kukhala chilichonse mpaka kosatha, masamu a mwayi amakana kugwira ntchito, chifukwa simungagawe 100 peresenti mofanana pa mzere wopanda malekezero. Mu 2001 Timothy McGrew, Lydia McGrew ndi Eric Vestrup analemba zimenezi momveka, ndipo awiri oyambawo ndi Akhristu odziwika poteteza chikhulupiriro.

Achiwiri ndi akuti kuwerengera kwambiri kumasintha nambala imodzi, zina zonse zili chiimire. Mukasintha ziwiri kapena zitatu pamodzi, malo ena olola moyo amatseguka. Fred Adams wa ku yunivesite ya Michigan anasonyeza kuti kusintha kwina kochepa kukanachititsa beriliyamu-8 kukhala wosasweka, ndipo pamenepo kaboni akanapangidwa popanda mlingo wa Hoyle uja. Izi sizithetsa nkhani yonse, nambala ya maziro 120 ija ikadalipo, koma zimachepetsa ena mwa maziro amene alaliki amakonda kutchula.

Achitatu ndi akuti ife sitikanatha kuona chilengedwe china kupatula cholola kuti tikhalepo. Ena amaima pomwepa n'kunena kuti palibe chodabwitsa. Wafilosofi John Leslie anawayankha ndi fanizo la mkaidi woimikidwa pamaso pa asilikali 50 odziwa kuwombera. Mfuti zalira, iye ali moyo. N'zoona kuti akanafa sakanadabwa, koma ndi wopusa yekha amene sangafunse chifukwa chake onse 50 aphonya. Yankho lake likhoza kukhala lakuti wina anawauza kuti aphonye, kapena lakuti tsiku limenelo akaidi oimikidwa anali mamiliyoni ndipo mmodzi anayenera kupulumuka. Yankho lachiwirili ndilo ganizo lakuti zilengedwe zilipo zambirimbiri, chilichonse ndi manambala ake, ife tili m'chimene chinalola. Ganizoli silinangopekedwa pothawa Mulungu, limatuluka m'mawerengero ena a mmene chilengedwe chinafutukukira poyamba. Komabe palibe anayezapo chilengedwe china, ndipo amene amaseka wokhulupirira chifukwa chokhulupirira chosaoneka ayenera kusamala pakamwa akafika apa.

Achinayi sakambidwa kawirikawiri, koma ndi aakulu. Lamulo la Bayes limafuna manambala a mbali zonse ziwiri. Kodi mwayi woti Mulungu angalenge chilengedwe chonga chino, cha zaka 13.8 biliyoni, chimene pafupifupi chonse ndi malo ozizira opanda chamoyo, ndi wotani? Wamphamvuyonse safunikira mlingo wa 7.65 MeV kuti apange munthu. Kuti mulembe nambala pamenepo muyenera kudziwa zimene Mulungu amakonda, ndipo zimenezo sizichokera mu labotale. Ngakhale mfundo yonse itapambana, imakufikitsani kwa wokonza wanzeru basi. Siikuuzani ngati ndi mmodzi, ngati amamva pemphero, kapena ngati analankhula ndi Mose kapena Muhammad.

Umboni wa mizere yowerengeka

Kurt Gödel, mmodzi mwa akatswiri akuluakulu a masamu a m'zaka za m'ma 1900, anayesa njira yosadalira kuyeza chilichonse. Anthu ena amati mfundo yake yotchuka ya 1931, yonena kuti m'masamu muli ziganizo zimene malamulo ake sangazitsimikize kapena kuzitsutsa, imatsimikiza za Mulungu. Ayi, imeneyo imakamba za manambala. Umboni wake wa Mulungu ndi wina, wa pa tsamba limodzi kapena awiri, wolembedwa mu 1970. Anauonetsa kwa katswiri mnzake Dana Scott koma sanausindikize mpaka anamwalira mu 1978.

Muzu wake ndi Anselm wa ku Canterbury, yemwe cha m'ma 1078 anati Mulungu ndiye amene palibe chachikulu chingaganizidwe kuposa iye, ndipo chimene chilipodi n'chachikulu kuposa chongoganizidwa. Mmonke wina dzina lake Gaunilo anamuyankha nthawi yomweyo kuti mwa njira imeneyo akhoza kutsimikizanso za chilumba chabwino koposa. Gödel anaika ganizoli m'zilembo zamasamu. Anayamba ndi mawu amodzi amene sanawatanthauzire, akuti khalidwe labwino, n'kuika mfundo zisanu zoti zivomerezedwe popanda umboni. Pa khalidwe lililonse ndi losemphana nalo, limodzi lokha ndilo labwino. Chilichonse chotuluka mosalephera m'khalidwe labwino n'chabwinonso. Kukhala ndi makhalidwe onse abwino, kumene ndiko kukhala Mulungu, nakonso n'kwabwino. Khalidwe labwino silingakhale labwino mwangozi. Ndipo kukhalapo mosalephera, koti sikukanatheka kusakhalapo, ndi khalidwe labwino. Kuchokera pa zitatu zoyambazo amasonyeza kuti n'kotheka kuti Mulungu alipo. Kenako amagwiritsa ntchito lamulo lakuti ngati n'kotheka kuti chinthu chilipo mosalephera, ndiye kuti chilipodi.

Mu 2013, Christoph Benzmüller wa ku Berlin ndi Bruno Woltzenlogel Paleo wa ku Vienna anaika umboniwu mu kompyuta, ndipo mapulogalamu ofufuza masamu anavomereza kuti sitepe iliyonse ikutsatira inzake. Manyuzipepala ena analemba ngati kompyuta yapeza Mulungu. Chimene inapeza n'chakuti mukavomereza zisanu zija, mapeto ake simungawathawe. Inapezanso zina ziwiri. Mmene Gödel mwiniwake analembera, mfundo zake zinkatsutsana zokha chifukwa cha kachidutswa kamene kanasowa m'tanthauzo limodzi, ndipo ndi kalembedwe ka Scott, kamene kanali ndi kachidutswako, kamene kamaima. Inatsimikizanso chimene Jordan Howard Sobel anaona mu 1987: mfundo zomwezo zimakakamiza kuti chilichonse chimene chachitika sichikanatheka kuchitika mwina. Ngati zili choncho ufulu wosankha palibe, kwa munthu ngakhale kwa Mulungu amene. Akatswiri ena akonza mfundozo kuti vutoli lichoke, koma funso la pothirira likadalipo. Munthu wokayika akhoza kuyambira mbali inayo, kunena kuti n'kotheka kuti wokhalapo mosalephera kulibe, ndipo lamulo lomwe lija limufikitsa pa yankho lakuti kulibedi.

Wansembe amene anakana thandizo la Papa

Mfundo yakale kwambiri, imene imamvekabe m'misonkhano ya achinyamata ndi m'mikangano ya pa intaneti, ili ndi mizere itatu. Chilichonse choyamba kukhalapo chili ndi chochiyambitsa. Chilengedwe chinayamba kukhalapo. Choncho chili ndi chochiyambitsa. Anailimbikitsa kwambiri ndi al-Ghazali, mphunzitsi wa Chisilamu yemwe anamwalira mu 1111, ndipo William Lane Craig anaidzutsanso mu 1979. Al-Ghazali anagwiritsa ntchito masamu. Monga ankaonera anthu a nthawi yake, dzuwa limazungulira kamodzi pachaka, Saturn kamodzi pa zaka 30. Ngati dziko lilibe chiyambi, onse azungulira kosawerengeka, komabe dzuwa lazungulira kuwirikiza ka 30. Zosatha ziwiri zingasiyane bwanji? Georg Cantor, kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anasonyeza kuti apa palibe kutsutsana: manambala 1, 2, 3 ndi manambala 30, 60, 90 akhoza kulumikizidwa limodzi kwa limodzi mpaka kalekale osatsalako. Ngati zosatha zotere zingakhalepo kunja kwa pepala, masamu sanena. Thomas Aquinas, mphunzitsi wamkulu wa Katolika yemwe palibe angamunene kuti anali wofooka m'chikhulupiriro, anaphunzitsa kuti zoti dziko linali ndi chiyambi timazidziwa mwa chikhulupiriro chokha, nzeru za munthu sizingazitsimikize.

Kenako sayansi inalowapo. Mu 1927 Georges Lemaître, wansembe wa Katolika wa ku Belgium yemwenso anali katswiri wa fizikisi, anatenga malamulo a Einstein n'kusonyeza kuti chilengedwe chikufutukuka. Mu 1929 Edwin Hubble anasindikiza miyezo yosonyeza kuti milalang'amba yakutali ikuthawa mofulumira kuposa yapafupi. Mu 1931 Lemaître anabweza filimuyo m'mbuyo n'kunena kuti zonse zinayambira pa chinthu chimodzi chothinana kwambiri. Hoyle yemwe uja sanalikonde ganizoli. Iye ndi Hermann Bondi ndi Thomas Gold anali ndi lawo la 1948, la chilengedwe chopanda chiyambi, ndipo ndi Hoyle amene anayamba kutchula ganizo longa la Lemaître ndi dzina lakuti Big Bang pa wailesi ya BBC mu 1949.

Mu November 1951, Papa Pius XII analankhula kwa akatswiri a sayansi ku Vatican n'kunena mosangalala kuti sayansi yafika pochitira umboni kulengedwa kwa dziko. Lemaître sanakondwe. Ankadziwa zinthu ziwiri. Choyamba, ganizo lake linali lisanatsimikizike, ndipo chikhulupiriro chomangidwa pa ganizo la sayansi chimagwa tsiku limene ganizolo lagwa. Zinachitikapo kale: Isaac Newton ankati Mulungu amafunika kukonzanso njira za mapulaneti nthawi ndi nthawi, kenako Pierre-Simon Laplace anasonyeza kuti kugwedezeka kumene kunkadetsa nkhawa, makamaka kwa Jupiter ndi Saturn, kumadzibweza kokha. Chachiwiri, chiyambi cha kufutukuka si chimodzimodzi ndi kulengedwa kuchokera kopanda kanthu. Mukabwerera m'mbuyo kufika pa sekondi imodzi itagawidwa ka 1 wotsatiridwa ndi maziro 43, malamulo a Einstein amasiya kudalirika, ndipo lamulo lolowa m'malo mwake silinapezeke mpaka lero.

Oteteza mfundoyi masiku ano amatchula kwambiri zimene Arvind Borde, Alan Guth ndi Alexander Vilenkin anatsimikiza mu 2003: chilengedwe chimene pa mbiri yake yonse chakhala chikufutukuka kuposa kufota sichingabwezedwe m'mbuyo mpaka kalekale, chili ndi malire. Mfundoyi ndi yolimba, koma ili ndi chikhomo chake, chakuti kufutukukako kukhale koposa kufota, ndipo imangonena kuti pa malirepo pakufunika malamulo ena. Vilenkin mwiniwake amakhulupirira kuti chiyambi chinalipo koma amachifotokoza ndi fizikisi ya tinthu ting'onoting'ono, osati ndi Mlengi. Wokhulupirira akhoza kumufunsa kuti nanga malamulowo anachokera kuti, ndipo limenelo ndi funso labwino. Kungoti likafunsidwa, onse awiri atuluka kale mu labotale.

Lemaître analankhula ndi alangizi a Papa, ndipo Pius XII atalankhulanso kwa akatswiri a zakuthambo mu 1952 sanabwerezenso zolumikiza Big Bang ndi kulenga. Pa msonkhano wa akatswiri a fizikisi wa Solvay ku Brussels mu 1958, Lemaître anauza anzake kuti ganizo lake lili kunja kwa mafunso a chipembedzo, ndipo limasiya wosakhulupirira ali ndi ufulu wokana Mulungu. Iye anapitiriza kuchita Misa ndi kuphunzitsa ku yunivesite ya Louvain.

Umboni umene ankausowa unadzapezeka ku Holmdel, m'chigawo cha New Jersey. Arno Penzias ndi Robert Wilson ankavutika ndi kaphokoso kosatha m'mlongoti wawo wolandirira mafunde a wailesi. Anathamangitsa nkhunda zimene zinamanga chisa m'katimo, anakolopa zitosi, kaphokosoko osachoka, kakuchokera mbali zonse za thambo mofanana. Mu 1965 anasindikiza zimene anapeza, ndipo zinadziwika kuti ndi kutentha kotsalira kwa chilengedwe chili chaching'ono, kumene lero kwazizira kufika pa madigiri 2.7 pamwamba pa kuzizira kotheratu. Ganizo la Hoyle la chilengedwe chopanda chiyambi silinadzukenso. Lemaître anauzidwa nkhaniyi akudwala, ndipo anamwalira pa 20 June 1966.